Mphero ya Mayi Philiberte

Belu la kutchalitchi linali litangolira la sikisi m'mawa, koma kuseri kwa khoma langa kugogoda kunali kutayamba kale. Mayi Philiberte anali atagwada pansi m'khitchini mwawo, atakulunga tirigu m'kansalu, akumuphwanya ndi nyundo yamtengo imene mwana wawo amakhomera migolo ya vinyo. Ankagogoda, n'kumasula kansaluko, n'kusefa, n'kukulunganso. Ufa umene anapeza chiyambire m'bandakucha sukanadzaza dzanja limodzi, ndiponso unali misere yokhayokha.

Ufawo unali wa phala la Reine, mdzukulu wawo wa miyezi isanu. Mayi wa mwanayo, mpongozi wawo Huguette, mkaka unali utauma m'mawere chifukwa cha njala ya chaka chimenecho. Mwana ankakhalira phala la tirigu lothira mkaka wa mbuzi, ndipo phala likakhala lamisere linkangodutsa m'mimba mwake. Anali atatsegula m'mimba kwa masiku angapo, liwombo litayamba kulowa. Tirigu m'mudzi analimo, poti tinali titangokolola. Chimene tinalibe chinali chogayira.

Ine ndine Benoîte. Ndakhala khoma limodzi ndi mayi Philiberte chikwatiwire changa m'mudzi wa Lournay, m'mapiri a kumadzulo kwa Mâcon. Ndinawapeza ali kale amasiye, ali ndi mwana mmodzi, Vivant, wopanga migolo. Anali mayi wamfupi, wa manja akuluakulu osayenerana ndi thupi lawo, ndipo sankakonda kulankhula akugwira ntchito. Popeza sankakhala osagwira ntchito, anthu ambiri ankawayesa osachezeka.

Munthu akamwalira m'mudzi, wosambitsa mtembo anali iwo. Mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, mzamba ankachita mbali yake n'kupita, koma wotsala kuchapa nsalu ndi kuphikira ana ena a m'nyumbamo anali mayi Philiberte. Ikafika nthawi ya thangata yochapa zovala za kunyumba yaikulu ya bwana, nyumba iliyonse inkayenera kutumiza mkazi mmodzi kumtsinje, kaya kukuzizira chotani. Iwo ankapita tsiku la nyumba yawo, n'kupitanso m'malo mwa aliyense amene anali ndi pakati kapena chifuwa. Kapitawo wa bwana ankangowerenga mitu, nkhope analibe nazo ntchito. Palibe amene ankati zonsezi ndi ntchito. Amuna akakhala pomwera vinyo n'kumatchula anthu olimbika a m'mudzi, ankatchula wosula zitsulo ndi Vivant.

Lamulo la chigayo tinalipeza, ndipo agogo athu analipezanso. Tirigu yense wa m'mudzi ankayenera kugayidwa pa chigayo cha madzi cha bwana, ndipo wachigayo ankatapa m'thumba lililonse gawo la bwana ndi lake. Kusunga mphero m'nyumba unali mlandu. Pamwamba pa bwana panali mfumu, imene sitinaionepo, imene inkati ufumu wake inaulandira kwa Mulungu, motero sinkafunsa munthu ikafuna kuchita kanthu.

Mayi Philiberte anabwera ku ukwati ndi mphero ya amayi awo, ataibisa pansi pa zofunda m'ngolo. Inali miyala iwiri yozungulira: wapansi waukulu, ndi mwanamphero wokhala ndi bowo pakati lothiramo tirigu ndi chikhomo chamtengo chopukusira. Ankaigwiritsa ntchito nthawi yachisanu, mtsinje ukaundana chigayo n'kuima, ndipo ankaperera aliyense wogogoda pakhomo ndi kambale kobisa m'chovala. Wina anakaulula. Alonda a bwana anabwera pamodzi ndi Lazare, mwana wa wachigayo wa nthawi imeneyo, ali mnyamata wandevu zoyamba kumene. Anapeza mwanamphero yekha. Mayi Philiberte anawauza kuti mwala wapansi unasweka ndipo anautaya mumtsinje. Lazare ananyamula mwanampheroyo paphewa n'kukwera nawo kunyumba yaikulu akuimba likhweru, anthu ali m'makomo kuonerera. Izi zinachitika ine ndisanabwere. Ndinazimva kwa amayi ena pachitsime, pakuti eni akewo sanazitchulepo n'kamodzi komwe.

Kenako chinafika chaka cha 1789. Chaka chapitacho matalala anali atawononga mbewu, chisanu chinapha mpesa ndi mitengo ya zipatso, ndipo pofika nthawi yolimira tinkadya buledi wosakaniza ndi gaga ndi mizu. Mfumu, itasowa pogwira, inaitanitsa nthumwi za anthu kuti zikakambirane za msonkho. Nthumwi za anthu wamba zitafika kumeneko zinakana kubwerako zisanalembe malamulo oti ngakhale mfumu iziwamvera. M'mwezi wa Julaye tinamva kuti anthu a ku Paris alanda linga limene mfumu inkatsekeramo anthu.

Posakhalitsa munthu wina wa pa kavalo anadutsa m'mudzi akukuwa kuti achifwamba otumidwa ndi mabwana akubwera kudzatentha tirigu m'minda. Belu linalira osalekeza. Amayi tinathawira kunkhalango ndi ana ndi mbuzi. Amuna anatenga zikwakwa ndi mafoloko otolera udzu n'kukaima pamlatho. Anadikira tsiku lathunthu. Dzuwa litapendeka fumbi linaoneka kumsewu, ena anayamba kupemphera, ena kutsanzikana. Zinali ng'ombe za mudzi woyandikana nawo, eni ake akuzithawitsa achifwamba omwewo.

Mwamuna amene wanola chikwakwa n'kuima nacho tsiku lonse safuna kubwerera kunyumba asanadule kanthu. M'mawa mwake anakwera kunyumba yaikulu. Bwana anali atathawira kutawuni. Anatulutsa zikalata zonse za thangata ndi za magawo a zokolola, n'kuziwotcha pabwalo. Pamenepo sindiwadzudzula. Zikalatazo zinayenera kupsa, ndipo ine ndemwe nditaona utsi wake ndili kunkhalango ndinalira ndi chimwemwe. Koma anapezanso vinyo wa bwana, ndipo vinyo atalowa wina anakumbutsa anzake za chigayo. Anatsika kumtsinje. Anaphwanya gudumu la madzi loyendetsa chigayo ndi nkhwangwa, anaswa miyala ikuluikulu yogayira n'kugubuduzira zidutswa zake m'madzi. Lazare, amene pa nthawiyo anali wachigayo wa imvi m'malo mwa bambo ake, anamumenya n'kumusiya m'matope.

Madzulo ake ndinali kwa mayi Philiberte, tikubweza mbuzi m'khola, pamene Vivant anatulukira atanyamula thabwa la gudumu lija paphewa, chipewa chili pambali.

“Amayi, taonani kuno. Chigayo cha bwana ndi ichi. Kuyambira lero palibe wotapanso m'thumba mwathu.”

“Wachita bwino. Ika apo, tiphikira.”

“Basi? Anthu agwetsa zimene zinakanika makolo awo, inu mukuti tiphikira?”

“Nanga thabwa n'lodya? Ndiuze, tirigu uja tikamweta ugaya ndi mano?”

“Zimenezo tiona mawa.”

“Mawa lake likadzafika udzandidzutse, ndidzaone nawo.”

Vivant anaseka n'kuwapsompsona pachipumi, akununkha vinyo. Sanali munthu woipa. Chiyambire anali asanaonepo ufa ukuchokera kwina kuposa m'thumba limene amayi ake kapena mkazi wake abwera nalo kumsana.

Chigayo china chinali kuseri kwa phiri, ulendo wa theka la tsiku. Amuna sakanatha kupitako, chifukwa asilikali a kutawuni ankayendera misewu kusaka amene anawotcha zikalata m'nyumba za mabwana, ndipo ena m'midzi ina anali atawapachika kale. Ndiye tinkapita ndife, matumba kumsana. Tikafika tinkapeza mtsinje wa kumeneko waphwa ndi chilimwe, gudumu likuzungulira ngati munthu wodwala, midzi itatu ili pamzere. Kawiri konse ndinabwerako ndi tirigu wanga yemweyo. Akuluakulu tinkangomuwiritsa wathunthu n'kumatafuna. Walira mvula walira matope, tinkatero tikakumana panjira. Koma mwana wa miyezi isanu satafuna.

M'mawa uja kugogoda kunaleka mwadzidzidzi. Ndinamva mwana akulira kulira kotopa, kopanda misozi, kenako mawu a mayi Philiberte pakhoma.

“Aneba, wilibala yanu ikadali ndi gudumu?”

“Ilipo, koma imalira ngati nkhumba.”

“Ilire. Tengani ndi chitsulo chija mumazulira miyala m'munda.”

“Tikupita kuti?”

“Kukatenga changa.”

Tinadutsa pachitsime, amayi ali pamenepo ndi ndowa zawo. Ataona kuti talunjika njira ya kunyumba yaikulu anayamba kutiseka.

“Mwachedwa amayi, vinyo anamaliza anzanu.”

“Mipando nayonso inatha. Mwina mukapeza mphika wokodzeramo wa dona.”

“Mukaupeza mutibwereke, tikaphikire ansembe.”

Mayi Philiberte anangogwedeza mutu n'kupitiriza. Ine ndinali ndi mantha, chifukwa moyo wanga wonse ndinali ndisanalowepo pachipata chimenecho popanda kuitanidwa. Tinapeza chili pululu. Pabwalo panali phulusa la zikalata, mvula ya usiku umodzi italiphatika pamiyala. Iwo sanayang'ane nyumba, kapena mazenera osweka. Anazungulira kuseri, kukhola la akavalo.

Pakhomo pa kholalo pansi panali poyalidwa miyala yozungulira. Ndinali nditamvapo kuti mphero zolandidwa amaziyala pamenepo kuti akavalo azizipondaponda, koma sindinkaganiza kuti zingachuluke chotero. Zinayambira pakhomo mpaka pomwera madzi, zina zakale kwambiri mwakuti zinali zitasanduka ngati mbale. Ndinaima osaponda. Mwala uliwonse pamenepo unali dzanja la mkazi wina amene anafuna kuperera ana ake m'nyumba mwake.

Mayi Philiberte anagwada n'kuyamba kupalasa ndowe zouma ndi manja. Ankapukuta mwala umodzi, n'kuuyang'ana, n'kukwawira pa wina. Dzuwa linakwera. Ndinayamba kuganiza kuti zaka zapita zambiri ndipo sangauzindikire.

“Mayi, titenge uliwonse. Mwala ndi mwala.”

“Ayi. Miyala ikaperera limodzi imadyana, wina amatenga maonekedwe a mnzake. Wachilendo sungakhazikike.”

“Ukhazikike pa chiyani? Wapansi uja si unatayidwa mumtsinje?”

Anali ataima pa mwala wina pafupi ndi khoma, wokhala ndi mzere wofiirira wodutsa pakati ngati mtsempha. Analavulira malovu pachala n'kutsata mzerewo mpaka kumapeto.

“Bweretsani chitsulo.”

Tinauzula movutikira, zikhadabo zanga ziwiri zinathyoka. Titaukweza pawilibala, anavula epuloni yawo n'kuuphimba bwinobwino, kupinda m'mbali monse kuti usaoneke. Ndinayamba kukankha. Titafika pachipata anandigwira mkono kuti ndiime. Anayang'ana epuloniyo kanthawi, ngati akudabwa kuti waika ndani, kenako anaichotsa n'kuivalanso.

Tinatsika m'mudzi chotero, wilibala ikulira, mwala uli poyera. Pachitsime kuseka kunatha. Mayi wina wokalamba anasiya ndowa yake n'kubwera kudzaugwira ndi dzanja.

“Ya amayi anga iliko?”

“Ziliko zonse,” anatero mayi Philiberte. “Palibe mlonda.”

Titafika pakhomo pawo ndinafuna kulowetsa wilibala m'nyumba, koma anandiletsa.

“Tukulani kaye uwu.”

“Uti?”

“Umene mwapondawo.”

Pakhomo pawo panali mwala wopondapo polowa, theka lake lili m'dothi. Ndinali nditakhalapo kosawerengeka ndikusenda nyemba. Ansembe ankaupondapo, ngakhale kapitawo wa bwana ankapukutirapo matope a nsapato zake akabwera kudzaitana anthu a thangata. Titautembenuza, kunsi kwake kunali kosemedwa bwino, kuli kabowo ka chitsulo pakati. Ndinakhala pansi n'kuseka mpaka m'mimba kundipweteka. Iwo anangomwetulira pang'ono n'kunena kuti ndikatunge madzi otsukira.

Tinatsuka miyala yonse iwiri. Vivant anasema chikhomo chatsopano. Pamene anakhazika mwanamphero pa mnzake, unangoti khazi, osagwedera. Anthu anali atadzaza pakhomo. Mayi Philiberte anathira tirigu m'bowo n'kuyamba kupukusa.

Mphero yabwino imalira ngati mvula ya patali. Iyi inkangoterera mwakachetechete. Tirigu ankatuluka m'mbali wophwatalala, wina wathunthu. Anawonjezera mphamvu, thukuta likutsika, koma ufa osaoneka. Anakweza mwanamphero n'kupapasa kunsi kwake. Ziboda za akavalo zinali zitaufafaniza mano onse, timizere tosema tophwanyira tirigu, unali wosalala ngati sopo.

“Zochepa izi,” anatero Vivant. “Ndipatseni tchizulo.”

Anamenya kamodzi, osachitika kanthu. Anamenya kachiwiri mwamphamvu, ndipo kachidutswa kanathyoka m'mphepete n'kuulukira kukhoma. Asanakweze nyundo kachitatu amayi ake anali atamugwira pamkono.

“Basi. Uwu si mgolo.”

“Ndiye titani?”

“Alipo amene amadziwa.”

Aliyense pakhomo anadziwa amene akumunena. Lazare, chimumenyereni, ankakhala m'kanyumba ka mbuzi kuseri kwa nyumba ya malemu mlongo wake, yoyandikana ndi ya mayi Philiberte mbali inayo. Amuna a m'mudzi, amene tsopano ankamanga timaliboni ta mitundu itatu ta omenyera ufulu pazipewa n'kumakumana pabwalo la tchalitchi, anagwirizana kuti munthu asamupatse moni, asamutungire madzi, ndiponso asamulole kupala moto. Moto wake unali utazima kalekale. Tinkamuona m'mawa akutola zipatso zakugwa m'mbali mwa mpanda.

“Kwa galu uja ayi,” anatero Vivant. “Amayi, mwaiwala? Munthu amene watapa m'thumba mwathu moyo wanga wonse? Amene anakulandani mwala womwewu akuimba likhweru?”

“Sindinaiwale. Ndinalipo. Iwe kunalibe.”

“Tinagwirizana tonse pabwalo.”

“Tonse ake ati? Ine sanandiitane. A Benoîte, inu anakuitanani?”

“Ndinali kuseri kwa phiri ndi thumba kumsana,” ndinatero.

Amayi ena pakhomo anaseka chamumtima. Vivant makutu anafiira.

“Mukapita kumeneko, ine ndiziyenda bwanji m'mudzi muno?”

“Ndi miyendo, monga kale.”

“Anthu adzati nyumba ya Vivant yabwerera kwa bwana.”

“Bwana ali kutawuni, akudya buledi woyera. Uyo ndi nkhalamba yokhala ndi mbuzi. Anaipa, inde. Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo iyi m'mudzi muno akuidziwa ndi iye yekha.”

Vivant anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mkazi wake anayamba ndiye. Huguette anali atakhala pakona nthawi yonseyi, mwana ali pamiyendo. Sanakweze mawu.

“Bambo a Reine, thewera ili ndamuveka dzulo. Likadali louma.”

Vivant anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana tchizulo chili m'manja mwake. Anachiika pansi n'kutulukira khomo lakuseri. Sanavomere, koma sanaletsenso.

Mayi Philiberte anatenga nsapato yamtengo yakale imene tinkapalira moto, anaika phulusa pansi pake, n'kuikamo makala oyaka. Panali kanjira ka kuseri, kodutsa m'dimba la kabichi, koti akanafika kwa Lazare osaonedwa ndi munthu. Iwo anatulukira khomo la kumsewu. Belu la masana linali likulira, nthawi imene aliyense amakhala pakhomo pake. Anayenda pang'onopang'ono, nsapato ili patsogolo m'manja awiri, utsi ukufuka. Ine ndinawatsatira pambuyo. Wosula zitsulo anatuluka m'shedi mwake atanyamula nyundo, n'kuima pakati pa msewu.

“Moto umenewo ukupita kuti, mayi?”

“Kumene kulibe.”

“Mukudziwa zimene tinapangana.”

“Ndikudziwanso amene anasambitsa bambo ako, ndi amene anachapa nsalu tsiku limene unabadwa. Tapatuka, ndipsa manja.”

Anapatuka.

Zimene zinachitika m'dziko pambuyo pake ena azinena bwino kuposa ine. Mwezi womwewo ansembe anatiwerengera paguwa kuti nthumwi zathetsa thangata, ndipo patapita nthawi lamulo la chigayo nalo linafafanizidwa. Patapita zaka zitatu anthu anachotsa mfumu pampando, kenako anaipha, ndipo dziko linakhala lopanda mfumu. Amuna a ku Lournay mpaka lero amakangana kuti anayamba kulowa pachipata cha bwana ndani. Za mphero satchula.

Koma mphero imeneyo ndi imene inadyetsa mbali yathu ya mudzi mpaka chigayo chitamangidwanso, pa nthawiyi cha mudzi wonse. Amayi ena anapita ndi mawilibala kukazula miyala ya makolo awo, ndipo pakhomo pa khola la akavalo panatsala maenje okhaokha. Ambiri analibe mwala wapansi, motero ankabwerabe kwa mayi Philiberte. Iwo ankapukusa kuyambira belu la m'mawa mpaka la madzulo, ndipo sanatapepo m'thumba la munthu ngakhale dzanja limodzi. Phewa lawo lamanja linatsika chaka chimenecho ndipo silinabwererenso m'malo mwake. Reine lero ndi mayi wa ana awiri, wa mawu aakulu, ndipo amaganiza kuti agogo ake anabadwa opendekeka.

Akandifunsa tsiku limene ufumu unatha, ine m'mutu mwanga mumabwera masana amenewo, ndi fungo la mbuzi pakhomo pa kanyumba kaja.

Lazare anali atakhala pa udzu, atatsamira khoma. Diso limodzi linali lotupabe, dzanja lamanzere atalikulunga m'chisanza. Ataona mayi Philiberte sanadzuke.

“Mwabwera kudzaona ngati ndafa?”

“Mukanafa akanandiitana ine ndemwe kudzakusambitsani.”

Anaika nsapato ija pansi, anasonkhanitsa tizitsotso pamalo pamene panali phulusa lozizira, n'kugwada kuuzira mpaka moto utagwira. Lazare ankangoyang'ana makalawo.

“Akuonani mukubwera nawo?”

“Mudzi wonse.”

“Mwana wanu akuthyolani khosi.”

“Ayambe wapeza ufa.”

Lazare analoza khoma ndi chibwano.

“Ndakhala ndikumva. Mukupera mphepo. Mwala umenewo ulibe mano.”

“Akavalo anu anadya.”

“Sanali anga.”

“Phewa linali lanu.”

“Linali langa,” anavomera. “Ndiye mwabwera kudzandikumbutsa? Nenani zonse, nthawi ndili nayo.”

“Ine ndilibe.”

Ndinaona kuti pambali pake, pansi pa udzu, pakuonekera kathumba kachikopa. Pa zonse za m'chigayo anapulumutsa kameneko kokha, ndipo kukamwa kwake kunkatuluka mutu wa kanyundo kosongoka mbali zonse ziwiri, kosemera mano a miyala. Mayi Philiberte anakaonanso. Anadzuka, anasasa udzu pamaondo, ndipo analankhula ndi mawu omwe aja amalankhula akamapempha mchere pakhoma langa.

“Aneba, tengani kanyundo kanuko mudzandisemere mano pa mwala uja. Ngati dzanja lamanzere likukana, mwalawo ndikugwirirani ine. Tidzere kumsewu, osati kudimba. Ndipo tiyeni tsopano, mwana sanadye.”